Momwe Afalansa Anasakira Tizilombo Tosaoneka ndi Maso

Mu 1810 boma la France linapatsa Nicolas Appert, munthu amene ntchito yake inali yophika ndi kupanga maswiti, ndalama zokwana mafranc 12,000 kuti aulule poyera luso lake losunga chakudya. Lusolo silinali lovuta kulifotokoza. Ankathira nyama, msuzi, nyemba kapena mkaka m'mabotolo agalasi lochindikala, n'kutseka pakamwa pake zolimba, kenako n'kumiza mabotolowo m'madzi owira kwa nthawi yoyenerana ndi chakudyacho. Pakapita miyezi botolo likatsegulidwa, chakudya chinkapezeka chikadali chabwinobwino. Inali nthawi ya nkhondo za Napoleon, ndipo asilikali apanyanja ankafooka chifukwa chodya nyama yamchere ndi mabisiketi tsiku ndi tsiku, choncho boma linali ndi chifukwa chomveka chofunira nzeruyi. Appert analemba buku, amalonda a ku England anatengera njirayo n'kuyamba kugwiritsa ntchito zitini m'malo mwa mabotolo, ndipo nsomba zam'chitini zimene timagula m'magolosale lero zinachokera komweko. Koma mwini lusoyo anamwalira mu 1841 ali mmphawi, asakudziwanso chimene kutentha kunkapha m'mabotolo akewo. Iye maganizo ake anali pa mpweya wotsalira m'botolo.

Zinthu zimene anthu a ku France anatulukira n'zambiri. Abale awiri a banja la Montgolfier anaulutsa chibaluni chonyamula anthu mu 1783. Mita ndi kilogalamu, zimene timayezera nsalu ndi chimanga, zinakhazikitsidwa ku Paris m'zaka za m'ma 1790. Louis Braille anali mnyamata wa zaka 15 zokha pamene anakonza zilembo za timadontho zimene anthu osaona amawerenga ndi zala. Louis Daguerre anaonetsa dziko njira yojambulira zithunzi mu 1839, ndipo abale a banja la Lumière anaonetsa kanema kwa anthu olipira pakhomo mu 1895. Pa zonsezi, imene ine ndimaiona kuti inasintha kwambiri moyo wa munthu wamba ndi ntchito ina yapang'onopang'ono, imene inatenga mibadwo ingapo: kutsimikiza kuti matenda ali ndi choyambitsa chimene munthu angathe kuchipeza, kuchiweta m'botolo, kuchifooketsa, n'kuchisandutsa chitetezo.

Ntchitoyi inayambira m'zipatala za ku Paris. Anthu wamba atagwetsa ufumu m'kuukira kumene kunayamba mu 1789, masukulu akale a udokotala anatsekedwa, ndipo atsopano amene anatsegulidwa mu 1794 ankafuna kuti wophunzira aziphunzirira pambali pa bedi la wodwala, osati m'mabuku achilatini okha. Zipatala za mumzindawo zinali zikuluzikulu, zodzaza ndi amphawi zikwizikwi. Wodwala akamwalira, madokotala ankang'amba mtembo kuti aone chimene chinawonongeka mkati. Apa tisabise: nzeru zambiri za udokotala wamakono zinachokera m'matupi a anthu osauka amene sanapemphedwe chilolezo ndi wina aliyense.

M'zipatala zimenezi ndi mmene munagwira ntchito René Laennec, mbadwa ya ku Quimper, amene mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu iye ali ndi zaka zisanu. Mu 1816, pa chipatala cha Necker, anamubweretsera mtsikana amene ankaoneka kuti akudwala mtima. Kugunditsa khutu pachifuwa cha mtsikana kunali kosayenera kwa dokotala wamwamuna, ndipo kugogoda ndi zala sikukanathandiza poti wodwalayo anali wonenepa. Laennec anapinda mapepala kukhala chitoliro, mbali imodzi n'kuika pachifuwa, inayo kukhutu kwake, ndipo anamva kugunda kwa mtima momveka bwino kuposa kale lonse. Pambuyo pake anayamba kusema zitoliro zamatabwa ndi manja ake. Chipangizocho pachokha n'chaching'ono. Chachikulu ndi chimene anachita nacho kwa zaka zitatu: ankamvetsera chifuwa cha wodwala, n'kulemba phokoso lililonse, kaya kulira ngati mluzu kaya kuthetheka, ndipo munthuyo akamwalira ankatsegula mapapo kuti aone bala limene linkatulutsa phokosolo. Buku lake la mu 1819 linaphunzitsa madokotala kumva matenda a mkati munthu akadali moyo. Anasonyezanso kuti timibulu timene tinkapezeka m'mapapo ndi m'ziwalo zina za odwala chifuwa chachikulu ndi matenda amodzi omwewo. Nthenda yomweyo inamupha mu 1826 ali ndi zaka 45.

Pa nthawi yomweyo, akatswiri awiri osakaniza mankhwala mumzinda womwewo, Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou, anali kulimbana ndi khungwa la mtengo wa cinchona, umene umamera m'mapiri a Andes ku South America. Mphamvu ya khungwali pa malungo inkadziwika kale ku Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1600, koma ufa wake unali wosadalirika, wina wamphamvu wina wopanda pake. Mu 1820 awiriwa anapatula m'khungwamo chinthu chenichenicho chimene chimachiza, kwinini, ndipo njira yake anaifalitsa kwaulere kuti aliyense apange. Kuyambira pamenepo dokotala ankatha kuyeza mlingo weniweni. Asilikali a France atalowa m'dziko la Algeria mu 1830, malungo ankawapha kuposa zipolopolo, mpaka dokotala wa asilikali François Maillot anayamba kupereka kwinini wambiri pa chipatala cha ku Bône mu 1834, imfa n'kutsika kwambiri. Mankhwala amene anapulumutsa anthu osawerengeka ndi omwewonso amene anatsegulira atsamunda njira yolowera mkati mwa Africa. Nafenso mbiri yathu inakhudzidwa. David Livingstone sankayenda wopanda kwinini pa ulendo wake wa ku Zambezi ndi Shire. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, bwato lake linagubuduzika pa Shire, mankhwala ake n'kumira, ndipo malungo anamupha pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire.

Mpaka apa madokotala ankatha kumva matenda ndi kuchiza ena mwa iwo, koma gwero lake silinkadziwika. Amene anatsegula chitseko chimenecho sanali dokotala n'komwe. Louis Pasteur, wobadwira ku Dole mu 1822, mwana wa munthu wofufuta zikopa, anaphunzira sayansi ya kemisitiri. Ali mphunzitsi pa yunivesite ya ku Lille, mu 1856 anapemphedwa ndi bambo wina wopanga mowa kuchokera ku mbewu ya beet kuti aone chifukwa chimene migolo ina inkasasira. Aliyense amene anaphikapo thobwa amadziwa kuti mtsuko wina umakoma, wina n'kusasa msanga, ngakhale chimera chili chimodzi. Akatswiri a nthawi imeneyo ankati kuwira kwa mowa ndi kuvunda chabe kwa zinthu zakufa. Pasteur atayang'ana pa maikulosikopu anapeza kuti m'migolo yabwino munali timibulu ta yisiti tamoyo tikuphukira, pamene m'migolo yosasa munali timitengo tina ting'onoting'ono. Anatsimikiza kuti kuwira kulikonse kuli ndi kamoyo kake kamene kamakuchititsa.

Funso lotsatira linali lakuti tamoyoti timachokera kuti. Anthu ophunzira ambiri, kuphatikizapo Félix Pouchet wa ku Rouen, ankakhulupirira kuti timangobadwa tokha m'msuzi wovunda. Pasteur anapanga mabotolo a khosi lalitali lopindika ngati la tsekwe. Ankawiritsa msuzi m'menemo n'kusiya kukamwa kosatseka. Mpweya unkalowa, koma fumbi linkakodwa pa mpindiko wa khosilo, ndipo msuzi unkakhala woyera kwa miyezi. Akangothyola khosilo, kapena kupendeketsa botolo kuti msuzi ukhudze fumbi lija, m'masiku ochepa unkachita thovu. Mu 1860 ananyamula mabotolo kupita nawo kumapiri. Pa mabotolo 20 amene anatsegula m'munsi, m'dera la minda, 8 anawonongeka. Pa 20 amene anatsegula pamwamba pa madzi oundana a Mer de Glace, pamene mpweya ulibe fumbi, limodzi lokha ndi limene linawonongeka. Chinsinsi cha mabotolo a Appert chinadziwika tsopano: kutentha kunkapha tizilombo, chotsekera chinkaletsa tina kulowa. Pasteur anagwiritsa ntchito nzeruyi pa vinyo wa dziko lake amene ankawonongeka pa ulendo wopita kumisika yakunja, pomutenthetsa pang'ono chabe, pakati pa madigiri 50 ndi 60. Ena anadzaitengera ku mkaka pambuyo pake, ndipo mpaka lero njirayi imatchedwa ndi dzina lake.

Kuchoka pa vinyo kufika pa matenda a anthu, anadzera ku mbozi. Kum'mwera kwa France mabanja ambiri ankadalira kuweta mbozi zopanga ulusi wa silika, ndipo mliri unali kuzitha. Kuyambira 1865 Pasteur anakhala nyengo zingapo ku Alès, kumene anapeza njira imene mlimi aliyense akanatha kuitsatira: gulugufe wamkazi akaikira mazira, am'sinje, amuyang'ane pa maikulosikopu, ndipo akapezeka ndi timadontho ta matendawo mazira ake onse atayidwe. Zaka zimenezi zinali zowawa pa moyo wake. Ana ake aakazi atatu anamwalira akadali aang'ono, awiri mwa iwo ndi tayifodi, ndipo mu 1868 iye mwini anafa ziwalo mbali ya kumanzere. Ku Glasgow, dokotala wa opaleshoni Joseph Lister atawerenga zolemba za Pasteur anayamba kutsuka mabala ndi zipangizo ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo odwala amene kale ankafa ndi mafinya anayamba kuchira.

Munthu wina amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri ndi Jean-Antoine Villemin, dokotala wa asilikali pa chipatala cha Val-de-Grâce. Iye anaona kuti anyamata athanzi ochokera kumudzi ankayamba kutsokomola akakhala mothithikana m'nyumba za asilikali. Mu 1865 anatenga zotuluka m'mapapo a munthu womwalira ndi chifuwa chachikulu n'kubaya akalulu, ndipo akaluluwo anadwala. Madokotala anzake sanafune kumva, poti ankakhulupirira kuti nthendayi ndi yakumtundu. Anadzavomereza patapita zaka 17, Mjeremani Robert Koch ataonetsa kachilombo kenikeniko mu 1882. Pasteur ndi Koch sankamwerana madzi, ndipo nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya mu 1870 inakolezera udaniwo. Mpikisano wa magulu awiriwa unafulumizitsa ntchito, ngakhale unabweretsanso mawu achipongwe amene sanayenere anthu a msinkhu wawo.

Katemera woyamba, wa nthomba, anatulukiridwa ndi Mngelezi Edward Jenner mu 1796, koma iye anachita kupeza nthenda yofatsa ya ng'ombe imene chilengedwe chinakonza kale. Chatsopano chimene gulu la Pasteur linabweretsa ndi kufooketsa kachilombo mwadala. Anayamba ndi kolera ya nkhuku cha m'ma 1879, ataona kuti tizilombo tokhalitsa m'botolo sitinkaphanso nkhuku, koma tinkaziteteza. Kenako anatembenukira ku anthrax, nthenda imene inkapulula nkhosa ndi ng'ombe. Mu Meyi 1881, pa famu ya Pouilly-le-Fort, anavomera kuyesedwa pamaso pa alimi, madokotala a ziweto ndi atolankhani. Nkhosa 24 zinalandira katemera kawiri, zina 24 sizinalandire, ndipo pa 31 Meyi zonse zinabayidwa tizilombo taukali. Pofika pa 2 Juni, khamu litasonkhana, zosatemeredwazo zinali zitafa kapena zikutsirizika, zotemeredwazo zili chiimire. Mbiri yake inawanda dziko lonse. Komatu mabuku ake a m'labotale, amene banja lake linawasunga mwachinsinsi kwa zaka zambiri, anadzaonetsa kuti katemera wa tsikulo anakonzedwa ndi omuthandiza ake, Charles Chamberland ndi Émile Roux, pofooketsa tizilombo ndi mankhwala, njira yofanana ndi ya dokotala wa ziweto Henri Toussaint, osati njira ya mpweya imene Pasteur analola anthu kukhulupirira kuti ndiyo inagwira ntchito. Toussaint anamwalira asanalandire ulemu womuyenera. Ichi n'chilema pa mbiri ya munthu wamkulu, ndipo sichifufutika ndi zabwino zimene anachita.

Chiwewe chinali chovuta mwa mtundu wina, chifukwa kachilombo kake n'kakang'ono kwambiri moti maikulosikopu a nthawiyo sankakaona. Anthu a Pasteur ankalimbana ndi mdani amene sanamuonepo. Anazindikira kuti amakhala mu ubongo ndi m'mtsempha waukulu wa mu msana, choncho ankamuweta posamutsa nthendayo kuchoka pa kalulu wina kupita pa wina. Roux anapeza kuti mtsemphawo ukapachikidwa m'botolo la mpweya wouma, ukali wake umachepa tsiku ndi tsiku mpaka kutheratu pakatha milungu iwiri. Anazindikiranso chinthu chimene chikupulumutsabe anthu lero: kachilomboka kamayenda pang'onopang'ono kuchoka pa bala kukafika ku ubongo, motero katemera woperekedwa munthu atalumidwa kale angathe kukapitirira. Pa 6 Julayi 1885 mayi wina wochokera ku Alsace anafika ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, amene galu wachiwewe anam'luma malo 14 masiku awiri m'mbuyomo. Katemerayu anali atayesedwa kwambiri pa agalu okha, ndipo Roux sanagwirizane ndi zothamangira kubaya mwana. Pasteur analibe chilolezo chobaya munthu, choncho Dokotala Jacques-Joseph Grancher ndi amene anagwira jakisoni. Mwanayo anabayidwa maulendo 13, kuyambira mtsempha wouma kwambiri mpaka waukali. Sanadwale. Chaka chotsatira anthu olumidwa ankafika ku Paris kuchokera kutali, kuphatikizapo anthu 19 a ku Smolensk, m'dziko la Russia, amene analumidwa ndi mmbulu wachiwewe; atatu anamwalira, 16 anabwerera kwawo. Ndalama zimene anthu anasonkha, olemera ndi osauka omwe, zinamanga Institut Pasteur, imene inatsegulidwa pa 14 Novembala 1888. Pasteur anamwalira pa 28 Sepitembala 1895, ndipo n'chifukwa chake tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse limakhala pa 28 Sepitembala.

Pamene zonsezi zinkachitika ku Paris, dokotala wina wa asilikali anali yekhayekha ndi maikulosikopu yake pa chipatala cha ku Constantine, ku Algeria. Alphonse Laveran ankadabwa ndi timadontho takuda timene tinkapezeka m'magazi a anthu ofa ndi malungo. Pa 6 Novembala 1880 anaika pagalasi dontho la magazi a msilikali wa zaka 24, magazi aawisi osathira utoto uliwonse, ndipo anaona kanthu kozungulira katatulutsa timichira timene tinkakwapula maselo a magazi oyandikana nako. Chinthu chakufa sichikanayenda chotero. Akatswiri ambiri anakana, poti panthawiyo ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, kapena ku bakiteriya amene ena ankati anam'peza m'dothi la ku Italy. Zinatenga zaka zingapo kuti amukhulupirire. Laveran anaganizira udzudzu, koma umboni wake anaupeza ndi Ronald Ross ku India mu 1897 pamodzi ndi akatswiri a ku Italy pambuyo pake. Atalandira mphoto ya Nobel mu 1907, theka la ndalamazo analipereka kuti akhazikitse labotale ya matenda a kumadera otentha. Wogwira ntchito mu labotale ya chipatala cha boma akamayang'ana dontho la magazi a mwana wotentha thupi, amakhala akufunafuna kachilombo komwe kaja kamene Laveran anakaona ku Constantine.

Ophunzira a Pasteur anamwazikana kutsatira mbendera ya dziko lawo. Albert Calmette anatsegula nthambi ya Institut Pasteur ku Saigon mu 1891, ndipo ndi iye anayambitsa mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka. Alexandre Yersin, wobadwira ku Switzerland, anapeza kachilombo ka mliri wa makoswe ku Hong Kong mu 1894 akugwirira ntchito m'kachisakasa kaudzu, ndipo Paul-Louis Simond anasonyeza ku Karachi mu 1898 kuti nthata ndi zimene zimanyamula nthendayo kuchoka pa khoswe. Ku Tunis, Charles Nicolle anazindikira mu 1909 kuti typhus imafala ndi nsabwe, ataona kuti odwala ankasiya kupatsira anzawo akangosambitsidwa ndi kuvulidwa zovala zawo pakhomo la chipatala. Nthambi ya ku Dakar ikupangabe katemera wa yellow fever mpaka pano. Koma ntchito ya m'maiko olamulidwa inali ndi mbali yake yoopsa. Pa nkhondo yolimbana ndi kaodzera ku Cameroon, imene ankatsogolera Eugène Jamot, midzi yathunthu inkafoledwa pamzere mokakamiza, ndipo m'dera la Bafia, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu mazanamazana anachita khungu chifukwa chopatsidwa mankhwala opyola muyezo. Kaodzera anachepadi, koma anthuwo sanafunsidwe, monga momwe sanafunsidwire amphawi a m'zipatala za ku Paris aja.

Ntchito imene imandigwira mtima kwambiri pa mbiri yonseyi inachitikira ku Lille. Calmette atabwerera kwawo anagwirizana ndi dokotala wa ziweto, Camille Guérin, amene bambo ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Mu 1908 anatenga kachilombo ka chifuwa chachikulu cha ng'ombe n'kuyamba kukaweta pa zidutswa za mbatatesi zophikidwa mu ndulu ya ng'ombe ndi glycerine. Nduluyo anaithira pofuna kuti tizilombo tisamaundane, koma anaona kuti ikutifooketsanso. Ndiye milungu itatu iliyonse ankatapa pang'ono n'kusamutsira pa mbatatesi yatsopano. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse inabuka, asilikali a Germany analanda mzinda wa Lille kuyambira 1914 mpaka 1918, mbatatesi inakwera mtengo, ndulu inasowa, koma mzerewo sunaduke. Anasamutsa maulendo 230 pa zaka 13. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Guérin, amene manja ake ndi amene ankagwira ntchito ya tsiku ndi tsikuyi, anadekhadi. Pamapeto pake anali ndi kachilombo kamoyo kamene sikankadwalitsanso ng'ombe, kalulu kapena nyani.

Mu Julayi 1921, pa chipatala cha Charité ku Paris, madokotala Benjamin Weill-Hallé ndi Raymond Turpin anamwetsa katemerayu khanda limene mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu atangobereka, ndipo linkapita kukaleredwa ndi agogo ake amenenso ankadwala nthenda yomweyo. Mwanayo anakula bwino. Katemerayu anatchedwa BCG, zilembo ziwiri zomalizazo zikuimira Calmette ndi Guérin, ndipo mbewu yake inagawidwa kwaulere ku malabotale a maiko ambiri. Tsoka linagwa mu 1930 mumzinda wa Lübeck ku Germany, kumene makanda 251 anamwetsedwa katemera wokonzedwa pa chipatala cha komweko, ndipo oposa 70 anamwalira. Nyuzipepala zinaloza chala Calmette. Kafukufuku ndi mlandu wa kukhoti zinadzasonyeza kuti katemerayo anasakanikirana ndi tizilombo taukali timene tinkasungidwa mu labotale yomweyo, ndipo madokotala a ku Lübeck ndi amene anapezeka olakwa. Calmette anamwalira mu 1933 atasweka mtima. Chikhulupiriro cha anthu chinabwerera nkhondo yachiwiri itatha, pamene chifuwa chachikulu chinabuka pakati pa anthu othawa kwawo, mabungwe monga UNICEF n'kuyamba kutemera ana mamiliyoni. Chipsera chaching'ono chimene ambiri a ife tili nacho pamkono chapamwamba chinachokera pa mbatatesi za ku Lille.

Mu Januwale 1983, dokotala Willy Rozenbaum wa pa chipatala cha Pitié-Salpêtrière anatumiza ku Institut Pasteur kachidutswa ka mwanabele wa mwamuna wina amene ankaoneka kuti ali pa chiyambi cha nthenda yatsopano imene inkapha chitetezo cha m'thupi. Luc Montagnier anaweta maselo ake, ndipo Françoise Barré-Sinoussi, wogwira ntchito mu labotale ya Jean-Claude Chermann, ankayeza madzi ake masiku angapo alionse kufunafuna chizindikiro cha mtundu wina wa vairasi. Chizindikirocho chinaoneka, kenako n'kuyamba kuzilala. Barré-Sinoussi anazindikira kuti maselo akufa, ndipo gululo linathiramo maselo atsopano a magazi, chizindikiro n'kubwereranso. Vairasiyo, imene lero timaitcha HIV, inkapha maselo omwe inkakhalamo. Analengeza zimenezi pa 20 Meyi 1983. Panabuka mkangano waukulu ndi gulu la Robert Gallo la ku America pa za amene anayamba kupeza kachilomboka ndiponso za phindu la zipangizo zoyezera magazi, mpaka atsogoleri a maboma a maiko awiriwa, Ronald Reagan ndi Jacques Chirac, anachita kulowererapo mu 1987. Mphoto ya Nobel ya mu 2008 inapita kwa Barré-Sinoussi ndi Montagnier, Chermann anasiyidwa. Kuno ku Malawi wodwala Edzi woyamba anatsimikizidwa mu 1985, ndipo ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka ziwirizi tinaika maliro ambiri, koma popanda kudziwa kachilomboko sipakanakhala choyezera magazi kapena mankhwala.

HIV inadzutsanso chifuwa chachikulu, ndipo funso la mphamvu yeniyeni ya BCG linakula. Limodzi mwa mayankho odalirika linachokera kwathu konkuno. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kafukufuku amene anayamba mu 1979 pofuna kumvetsa matenda a khate anatsatira anthu a m'bomalo kwa zaka zambiri, ndipo anthu oposa 120,000 analowa nawo m'kuyesa katemera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1996 zinasonyeza kuti kubwereza BCG kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikunateteze anthu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Kafukufuku wa ku South India anapezanso kufooka komweko, pamene ku Britain katemera yemweyo anateteza bwino. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amaganizira n'chakuti m'madera otentha anthu amakumana kale ndi abale a kachilomboka a m'dothi ndi m'madzi, ndipo zimenezi zimasokoneza ntchito ya katemera. BCG imaperekedwabe kwa makanda chifukwa imawateteza ku mitundu yoopsa ya nthendayi, monga youmitsa khosi ndi yofalikira thupi lonse, koma patatha zaka zoposa 100 ikadali katemera yekhayo wovomerezeka wa chifuwa chachikulu. Wina watsopano, wotchedwa M72, wolinga achinyamata ndi akuluakulu, analowa gawo lomaliza la kuyesedwa mu 2024, ndipo Malawi ndi Zambia ali m'gulu la maiko amene anthu awo akutenga nawo mbali, ulendo uno atafotokozeredwa ndi kusaina okha chilolezo.